Ndege Yomwe Ndinamukweza Yohane

Bodza limene ndinawauza amayi nthawi ya nkhondo linandigwetsera pa chinthu chimodzi: sindinkadziwa kuti ku London amapitako bwanji.

Mng'ono wanga Yohane anachoka kwathu ku Highfield, mumzinda wa Sozibele, osatsanzika. Anangondinong'oneza ine kuti akuwolokera ku Mozambiki, kwa anyamata a m'tchire omenyera ufulu. Amayi ankadwala mtima, ndiye ndinawauza kuti amishoni amupezera sukulu mwadzidzidzi ku London, wakwera ndege ya Angerezi. (Ndikanangonena Bulawayo, koma pakamwa pangapa sipakonda zinthu zazing'ono.)

"Nhai iwe, Londoniyo ili kutali bwanji?" anafunsa amayi.

Ine ndinali telala pamsika wa Machipisa, kuyeza inali ntchito yanga. Ndinabwereka mapu, n'kuyala tepi kuchokera ku Sozibele mpaka London ngati ndikuyeza mwendo wa thalauzi. "Mainchesi asanu, amayi. Koma inchi imodzi simungaiyende ndi mapazi. N'chifukwa chake makalata amachedwa."

Ndinawonjezera ndekha, osafunsidwa, kuti kumeneko kumazizira koopsa. Amayi analuka juzi yaubweya. Ndinailandira ndi manja awiri kuti ndikaitumize, n'kukaibisa pansi pa zigamba kushopu. Posakhalitsa mpingo wonse unadziwa kuti tili ndi mwana ku Mangalande.

Lamlungu lina kunabwera Bambo Gondwe, mkulu wa mpingo amene ankaphikira azungu. Atamwako tiyi kawiri anati, "Koma ndege za Angerezi zinasiya kalekale kutera kuno. Mnyamatayu anakakwerera kuti?"

"Ku Blantyre, bambo."

Amayi anadzidzimuka. "Wafika ku Blantyre osakawaona azakhali ake ku Ndirande?"

"Ayi, ndimati ku Joni."

"Joni kapena Blantyre?" anafunsa amayi.

Thukuta linali kamukamu, chonsecho unali mwezi wa Juni. Bambo Gondwe anandiyang'ana, n'kuzindikira kuti aponda posayenera. Anatenga chipewa chawo, tiyi n'kumusiya pomwepo.

Titatsala awiri ndinaulula zonse, za juzi zomwe. Ndinkayembekeza mbama, kapena kuti akomoka. Iwo anangoika manja pamaondo.

"Miyezi inayi ndakhala ndikugwada, kumupempherera mwanangu kuti asazizidwe," anatero. "Za zipolopolo Mulungu sindinamuuzepo ngakhale kamodzi."

Analowa kuchipinda kukapemphera, ine osandiitana. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamveponso. Ndinkati ndikuwateteza mayi anga, osadziwa kuti ndawalanda chinthu chokhacho chimene akanatha kumuchitira mwana wawo.

Nkhondo itatha Yohane anabwerera, ali moyo koma akutsimphina. Amayi atamukumbatira anamukhazika pansi n'kumufunsa mwezi umene anavulala. Ine ndinatuluka panja asanayankhe, kuopa kuti atchula umodzi wa miyezi inayi ija, ndipo mpaka lero sindinafunse.