Tsiku limene ndinawapaka laimu Amayi Maria

Mpaka lero amayi a kutchalitchi kwathu akandiona ndanyamula burashi, amayamba kuyang'anana. Sindiwadzudzula. Zimene ndinawaonetsa chaka chija si zoiwalika msanga.

Ndimagwira ntchito kuesiteti ya nzimbe ku Dwangwa, m'gulu lotchetcha udzu. Kukamabwera alendo akuluakulu, ndife timapaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu ndi matsinde a mitengo. Ntchito imeneyi ndimaidziwa, ndipo ndimainyadira mopitirira muyeso (vuto lonse linayambira pamenepa).

Mkazi wanga, mayi a Tadala, ndi Mkatolika chibadwire. Ine ndinalibe mpingo. Tinangokwatirana pamaso pa ankhoswe, ndipo kuyambira pamenepo iye analeka kulandira Ukaristia. Lamulungu lililonse anzake akamanyamuka kupita kutsogolo, iye ankatsala pabenchi, n'kupinda miyendo kuti adutse bwino. Sanandinenepo kanthu. Koma zinkandipweteka, chifukwa wom'khazika pabenchipo ndinali ine. Ndiye ndinalowa kalasi ya ubatizo, kuti ndikabatizidwa tidalitse ukwati wathu.

Tsiku lina akatekisiti athu, a Chirwa, analengeza kuti Bambo Mfumu abwera pa chikondwerero cha mu Disembala. Limeneli ndi tsiku lokumbukira kuti Amayi Maria, chiyambire m'mimba mwa mayi awo, Mulungu anawatchinjiriza ku tchimo lobadwa nalo, lija tonsefe tinatengera kwa Adamu. Misa ikatha, Bambo Mfumu adzatifunsa mafunso ife a kalasi. Wokhoza adzabatizidwa pa Pasaka. Wolephera adzadikira chaka china.

Ine mutu wanga sugwira mayankho. Ndimaloweza m'mawa, pofika masana zauluka. Ndiye ndinaganiza zoti zimene pakamwa padzalephere, manja adzandilankhulire. A Chirwa atafunsa woti apake laimu miyala ya m'njira yolowera kutchalitchi, ndinakweza dzanja asanamalize kulankhula.

Masana a tsiku loti mawa ndi chikondwerero ndinapaka miyala yonse, inawala ngati mano a mwana. Mchere, umene timathira kuti laimu agwire, ndinali nditauiwala kunyumba. Ndinati palibe kanthu, miyala ndani amaigwira? Nditamaliza, m'ndowa munatsala laimu wambiri, ndipo munthu wa ntchito yathu sataya laimu.

Panja pa tchalitchi pali kaphanga ka miyala, momwe muli chifanizo cha simenti cha Amayi Maria. Phulusa la nzimbe zikamaotchedwa linali litachidetsa. Ndinayamba ndi miyala ya kaphangako. Itayera, mwala umene Amayi aimapo unaoneka wakuda, ndinaupaka. Kenako mapazi. Pansi pa phazi pali njoka imene Amayi akuiponda mutu, ndipo burashi yanga sinasankhe (inde, Satana yemwe ndinamuyeretsa). Tsopano mwinjiro wabuluu uja unayamba kuoneka ngati wobwereka. Ndinaupaka. Kunatsala nkhope yokha, ndinati ndingodutsitsa kamodzi, mopepuka.

Laimu amanama akakhala wonyowa. Amaoneka ngati madzi, kuyera kumabwera akauma. Izi ndimazidziwa kuposa dzina langa, koma tsikulo nzeru zinali patchuthi. Dzuwa litaomba, nkhope inapita. Maso, pakamwa, zonse zii. Patsogolo panga panaima chinthu chooneka ngati thumba la ufa.

Ndinatola khala pamalo pamene amayi amaphikira, ndikujambula maso. Diso limodzi linayang'ana kunyanja, lina kufakitale. Nditayesa kukonza, nsidze zinakwera, Amayi n'kuoneka ngati angomva nkhani yoopsa. Ndinathamangira kwa a Chirwa kukapempha nsalu, n'kunama kuti ndi yotchinga phulusa.

"Mwaganiza bwino, bambo a Tadala," anatero a Chirwa. "Anthu ngati inu ndi amene mpingo ukuwafuna."

Nsaluyo inali yaifupi. Mapazi anatsala panja.

Kwathu kuno munthu akafika kutchalitchi amayamba wadzera kukaphanga, kugwira mapazi a Amayi, n'kuchita chizindikiro cha mtanda. M'mawa mwake aliyense anachita zomwezo. Ine ndinaima patali, ndikuona laimu wopanda mchere uja akusamuka, kuchoka kumapazi kupita pamphumi, pachifuwa ndi m'mapewa mwa Akhristu. Bambo Mfumu atatembenuka kuti atipatse moni, anaima kaye, n'kutiyang'ana mzere ndi mzere.

"Kodi kuno Lachitatu la Phulusa limabwera mu Disembala?" anafunsa. "Ndipo phulusa lake n'loyera?"

Anthu anayang'anana pamphumi, kuseka kunayambira kumbuyo. Ine ndinkangoyang'ana nsapato zanga.

Misa itatha tinaguba ndi nyimbo mpaka kukaphanga. Mayi Nyirenda, amene amatsogolera amayi, anakoka nsalu ija. Nyimbo inafera pakati pa mawu. Ng'oma inalira kamodzi yokha, nayo n'kusiya. Kenako mayi Nyirenda anagwira m'chiuno.

"Mayo ine! Ndani wawatere Amayi? Ndi njoka yomwe wayeretsa!"

Mkazi wanga anandikoka malaya. "Bambo a Tadala, ndiuzeni kuti si inu." Anayang'ana zikhadabo zanga, zimene zinali zoyerabe, ndipo anati chapansipansi, "Basi, chaka china pabenchi." Sanakalipe. Bola akanakalipa. Mtima wanga unasweka pomwepo.

Nthawi ya mafunso itakwana, ndinalowa womaliza. Bambo Mfumu anali atakhala pampando, a Chirwa ataima pambali, kadontho koyera kali pamphumi.

"Ndinu mmisiri uja?"

"Ndine, Bambo."

"Munachitiranji zimenezi?"

Ndinanena zoona. Ndinati mayankho sindiwagwira, ndiye ndimafuna aone ntchito ya manja anga, mwina n'kundiganizira. Ndinatchulanso za mkazi wanga ndi benchi.

Bambo Mfumu anati, "Ndikufunsani funso limodzi. Amayi Maria anagwira ntchito yanji kuti Mulungu awatchinjirize ku tchimo lobadwa nalo?"

Ndinafufuza m'mutu, munalibe kanthu koloweza. Ndinangoganiza ngati munthu. "Palibe, Bambo. Nanga akanagwira bwanji ntchito asanabadwe? Anangopatsidwa."

"Anangopatsidwa," anabwereza. "Ubatizo nawonso ndi choncho. Si ganyu. Mwakhoza."

Ndinafuna kugwada, koma anakweza dzanja, akudziletsa kuseka. "Koma Amayi muwabwezere nkhope yawo. Ndi madzi ndi kansalu. Khala musaliyandikire."

Ndinakwecha chifanizocho masana angapo ndikaweruka, mayi Nyirenda atakhala pampando kumbuyo kwanga ngati kapitawo. Mtundu wabuluu unabwerera, maso enieni anatuluka, ofatsa monga kale, njoka nayo inadanso monga iyenera.

Pa Pasaka ndinabatizidwa, ndipo ukwati wathu unadalitsidwa. Nthawi yolandira itafika, mkazi wanga anayamba kupinda miyendo monga mwa chizolowezi, kenako anakumbuka. Anaimirira, anakonza chitenje, n'kulowa pamzere. Ndinali kumbuyo kwake, misozi ikungotsika, osasamala kuti ndani akundiona.

Ndinaphunzira kuti pali zinthu zimene munthu umangotambasula manja n'kulandira. Koma kunena zoona, manja angawa sanamvetsebe. Sabata yatha pamsonkhano ndinanena kuti khoma la kuguwa layamba kuda, ndipo ine ndilipo. Mpingo wonse, ndi mkazi wanga yemwe, unayankha pamodzi ngati pemphero: "Ayi, zikomo!"