Phunziro la Sikisi Limene Ndinadumpha

Lolemba

Amalume a ku Matero alengeza pa gulu la banja: laputopu yawo yakale ikupita kwa mmodzi. Ine kapena Taonga, mng'ono wanga, mwana wa amayi aang'ono. Tonse tikuphunzira kulemba mapulogalamu pa kosi imodzi ya pa intaneti, tonse pa foni. Loweruka aliyense akaonetse chimene wapanga, wochita bwino anyamule laputopu.

Ndikutsegula kosi. Kosi yake yamiseche, imaonetsa pamene anzako afika. Ine phunziro la folo. Taonga la naini. Naini! Mwana amene ndinkamupukuta mamina ine!

Pulani yanga:
kumupitirira pofika Lachinayi
kupanga pulogalamu yoti amalume agwire pakamwa
kusamwetulira kwambiri polandira laputopu

Lachiwiri

Phunziro la folo silikutha. Mphunzitsi wa m'vidiyo akulankhula ngati ali pamaliro. Akuti tisunge dzina m'kabokosi, tilitulutse, tilibwezeremo. Ine ndikufuna kupanga zinthu zenizeni, iye akundisewera ndi timabokosi.

Zala zanga zazikulu, mabatani a foni ang'onoang'ono. Kadontho kamodzi kasowa, pulogalamu yonse yakwiya, zolemba zofiira thoo.

Taonga waika chithunzi pa gulu: phunziro la teni, kachongi kobiriwira. Amayi aang'ono ayankha ndi timitima mzere wonse. Amayi anga enieni nawonso aikapo kamtima. Ndawaona. Tikudya mbale imodzi m'nyumba muno, ndawaona!

Lachitatu

Ndatulukira njira! Phunziro lotsatira silitseguka usanakhoze mafunso, koma mafunsowo ndi osankha, ndipo ukalakwa amakulola kuyesanso. Ndiye ndikungodina. Ichi, chofiira. Ichi, chofiira. Ichi, chobiriwira, pita!

Faifi, sikisi, seveni, ndadutsa ndili pamzere wa madzi. Eyiti ndadutsa chidebe chikudzaza. Mavidiyo sindikuonera, bandulo yanga si yotaya.

Taonga watumiza uthenga: "Ba sisi, muli na liwiro! Sikisi munaimvetsa? Ine inanivuta maningi."

Inakuvuta iweyo. Mitu simafanana, mwana.

Lachinayi

Phunziro la thwelofu. Ndamupitirira! Ndajambula, ndaika pa gulu. Amalume aika chala chimodzi chokweza. Chimodzi chokha, koma ndi cha mwini laputopu.

Vuto ndi laling'ono: sindikumva kanthu. Mphunzitsi uja tsopano akuthamanga ngati minibasi yothawa apolisi. Mawu alionse akuti, "monga tinaonera m'phunziro la sikisi." Tinaonera ndi ndani?

Zimene ndikudziwa:
kusunga dzina m'kabokosi
kulitulutsa

Zimene sindikudziwa:
zina zonse

Magetsi athima masana. Kwathu kuno, Chawama yense zii. Ku Matero, kumene Taonga amakhalanso, akuti ali nawo. Ngakhale magetsi akukondera Taonga.

Lachisanu

Ndabwerera mwakachetechete ku sikisi, anthu asaone. Nkhani yake ndi lupu, kuuza kompyuta kuti ichite chinthu mobwerezabwereza. Ndaonera theka, bandulo yatha. Palibe kanthu, chachikulu ndachigwira.

Ndipanga pulogalamu yodalitsa amalume, mawu akutsika okha pagalasi. Poyesera ndikufuna chiganizo chilichonse, ndiye ndalemba chimene chili pamtima: TAONGA NI WAMATAMA. Chikutsika mizere ingapo, kenako foni ikudula yokha, akuti nthawi yoyesera yatha. Ndaseka mpaka amayi afunsa ngati ndili bwino.

Batire latsala pang'ono kufa. Mwachangu ndalemba pamwamba: MULUNGU AKUDALITSENI AMALUME. Foni yazima ndisanayese. Zili bwino, ndikukhulupirira kuti zakale zija ndafufuta.

Loweruka

Mayo ine. Mayo!

Nyumba ya amalume yadzaza. Amayi, amayi aang'ono, ana, ngakhale mayi wa nyumba yoyandikana amene anangobwera kudzabwereka sefa. Amalume alumikiza laputopu ku TV kuti aliyense aone bwino.

Taonga ayamba. Pulogalamu yake ikufunsa dzina lako, ikukupatsa moni, ikufunsa ngati wadya. Basi! Anthu m'manja phwaphwaphwa ngati wapanga ndege. Ine mtima uli m'malo.

Yanga. Ndadina. MULUNGU AKUDALITSENI AMALUME, kamodzi. Amalume akumwetulira. Kenako:

TAONGA NI WAMATAMA
TAONGA NI WAMATAMA
TAONGA NI WAMATAMA

Sikuima. Foni inkadula yokha, laputopu ilibe chifundo chimenecho. Ndikudina apa, ndikudina apo, ndikupemphera. Mawu akungotsika ngati madzi a pompi yothyoka. Ana akuwerenga mokweza, onse pamodzi, ngati kusukulu. Amalume akuti, "Iwe, imitsa vinthu ivi!" Amayi akuyang'ana denga. Mayi wa sefa wakhala pansi, sakupitanso.

Taonga wadzuka, wadina mabatani awiri. Zii.

"Kuimitsa kuli kumapeto kwa sikisi, ba sisi."

Wanena motsitsa, osaseka n'komwe. Akanaseka bwenzi ndili ndi pomudera.

Lamulungu

Laputopu ili ku Matero, m'chipinda cha Taonga, akuti waisokera kale kansalu. Kutchalitchi amayi aang'ono andipatsa moni ndi nsonga za zala. Ana a amalume akandiona akuyamba kuimba chiganizo chija, achipezera ndi nyimbo yake.

Amayi sananene zambiri. Angoti, "Kuthamanga sikufika," n'kundipatsa mbale zoti nditsuke.

Taonga watumiza uthenga: "Muzibwera Loweruka tizigwiritsa ntchito tonse. Tiyambire pa faifi." Nsanje ikundiwawa mpaka m'mano. Mwanayu wandilanda laputopu, tsopano akufuna andilandenso chifukwa chomuda.

Ndayankha kuti ndiona ngati ndili ndi mpata. Mpata ndili nawo, ndafunsa kale za minibasi ya ku Matero imene imanyamuka m'mawa.

Ndatsegula kosi, ndabwerera ku folo. Mphunzitsi wa pamaliro uja akadali pomwe ndinamusiya, kabokosi kake m'manja. Akuti ndisungemo dzina lililonse. Ndalemba langa.