Mmene Ndinakwerera Lole Kukapulumutsa Taonga

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda. Koma poti ili kale m'mafoni a Kafue yense, ndipo aliyense akuikamba mokhotakhota, bola ndiikambe ndekha, ine mwini manyazi.

Ndine amake Esnart, wa ku Kafue Estates. Tinachoka ku Katete kalekale, malemu amuna anga atapeza ntchito ya njanji. Sukulu ndinalekera pamene ena amayambira, koma mutu uli bwino. Ndikudziwa amene anabwera kumaliro a amuna anga ndi amene anangotumiza moni. Ndikudziwa amene anabwereka poto wanga wamkulu osabweza. Chimene chinandikana ndi Chizungu chokha.

Holide ya December itayamba, Esnart anandibweretsera mwana wake Taonga kuchokera ku Lusaka. Taonga ali ndi zaka seventini. Miyendo yake sinagwirepo ntchito chibadwire, ndiye amayenda pa wilicheya, koma pakamwa pake ndi lezala. Pobwerera, Esnart anandigwira dzanja pa geti.

"Amama, mumusunge. Mukumbukile vija va ku crusade."

Ndingaiwale bwanji? Zaka zitatu zapitazo achibale ena anamutengera mwanayu ku crusade ku Lusaka. Ma asha, othandiza m'busa aja, anamuzula pa wilicheya, wina n'kuinyamula m'mwamba kuti anthu aone, ena n'kumuimiritsa mwakakamiza. Atamusiya anagwa, dzanja n'kubinya. Kenako anamuuza kuti vuto ndi chikhulupiriro chake. Mwana anakhala sabata yathunthu osalankhula ndi munthu. Ndinalumbira tsiku lomwelo kuti wina akadzayesanso, adzandidziwa.

Ndiye holide ikuyenda bwino. Kutentha kwake kwa Kafue, kosungunula phula. Madzulo aliwonse kunkabwera anyamata a ku tchalitchi kudzamutenga Taonga, mtsogoleri wawo Gift, mwana wa ba Daka a kuseri kwa msika.

"Mupita kuti?"

"Ku youth, ba mbuya."

Ndinati chabwino, za Mulungu sitiletsa. Ngakhale kuti poto wanga wamkulu uja ali kwa amake Gift yemweyo, chaka chachinayi tsopano.

Lachinayi ndikuchokera kogula kapenta, maso anagwera pa posita yomatidwa pa mtengo wa magetsi. Ndinaima chilili. Taonga! Mdzukulu wanga, pa wilicheya yake, pakati penipeni pa chithunzi. Pambali pake Gift atavala suti yoyera, maiki kukamwa, dzanja m'mwamba. Kumbuyo kwawo ajambula malawi a moto.

Mawu onse anali a Chizungu. Ndinatolapo awiri okha, Saturday ndi 14 hours.

Pafupi panali ana a sukulu atatu, akudya ma freezit. Kungofunsa mmodzi kuti mwanawe, apa alemba chiyani, nkhani ikanathera pomwepo. Koma poteropo panaimanso amake Junior, amene akamva chinthu m'mawa, masana chafika ku Chanyanya. Ine ndioneke kuti sinditha kuwerenga posita ya mdzukulu wanga? Ndinagwedeza mutu ngati ndamva zonse, n'kumapita.

Komanso ndifunsiranji? Suti yoyera, maiki, moto, mwana wa pa wilicheya. Ngakhale mbuzi ikhoza kuwerenga posita yotero. Crusade!

Kunyumba ndinamuyang'ana mwanayo. Ali phee, ma headphone m'makutu, zala zikugogoda pa mkono wa wilicheya osalekeza. Ndinati ona, mantha amugwira kale. Mtima unandiwawa. Mwina amunyengerera mpaka wayambanso kuyembekeza. Ndikamuletsa, adzati ambuya ndiwo ananditsekera mwayi. Ndinaganiza kuti ndisakambe kanthu, ndikawagwire ali mkati.

Loweruka anabwera kudzamutenga m'mawa. Anavala diresi yake yobiriwira, milomo atapakako pang'ono.

"Ba mbuya, musachedwe ka. Nakusungilani mpando kusogolo."

"Ndibwera," ndinatero. Mumtima ndinati ndibweradi.

Ndinamanga chitenje kawiri. Ndinavala nsapato za malemu zija zosaterereka. Ndinatenga ambulera yaikulu ya chigwiriro cha chitsulo, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo.

Pa ground ya mpira anthu anali atadzaza kale. Siteji inali lole yaikulu yotsegula m'mbali, masipika ataunjikidwa uku ndi uku. Mpando wakutsogolo sindinaufune. Ndinabisala kumbuyo kwa mayi wogulitsa chimanga chootcha, n'kumaona zonse.

Posakhalitsa ndinawaona. Anyamata anayi ananyamula Taonga ndi wilicheya yomwe, hii, mpaka pa lole. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinalimbitsa dzanja pa ambulera.

Gift anatenga maiki. "Kafue, muli ready? Lelo muzaona vamene simunaonepo!"

Mawu omwe aja a ku crusade!

Kenako ndinaona Taonga akusuntha kuchoka pa wilicheya, kukhala pa kampando kena kuseri kwa chithebulo chakuda. Ndisanapume, mnyamata wina anagwira wilicheya yopanda munthu ija, n'kuikweza m'mwamba, pamwamba pa mutu wake.

Basi. Magazi anathamangira kumutu.

Mmene ndinadutsira m'khamu lija sindikudziwa. Akuti ndinagwetsa benchi ndi anthu ake. Masitepe a lole sindinawaone, ndinaponda pa tayala, kugwira chingwe, hop, ndili pamwamba. Ine, wa zaka sikisite-eyiti, amene pokwera minibasi kondakitala amachita kundikankha kumbuyo!

Ndinamugwira Gift pa tayi.

"Iwe mwana wa Daka! Bweza mpando wa mwana!"

"Ba mbuya, muli bwa..."

"Usandipatse moni! Wayamba liti kuchiritsa anthu iwe? Si iwe unkakodza pa veranda yanga? Chiritsa kaye amako matenda osabweza zinthu za eni! Poto wanga ali kuti?"

Chimene sindinadziwe n'chakuti maiki inali pakati pa ine ndi iye. Mawu anga anatuluka m'masipika onse, mpaka agalu a ku Boma anayankha. Ground yonse inagwa ndi phwete. Wina kumbuyo anakuwa, "Bwezani poto, ba Daka!"

Ine osabwerera. Ndinaloza khamu lonse ndi ambulera.

"Mukuseka chiyani? Mwana uyu ali bwino mmene alili! Wina amugwire kuti amuimiritse, ayambe wadutsa pa ine!"

Apo kuseka kunachepa. Ndinamva mawu kumbuyo kwanga, odekha, aja amene Taonga amalankhula nawo akafuna kukudula bwinobwino.

"Ba mbuya."

"Usaope, mwanangu, ndafika."

"Ba mbuya, yanganani kuno."

Ndinacheuka. Chithebulo chakuda chija chinali ndi mano oyera ndi akuda. Taonga anaika zala pamenepo, n'kutsitsa kamodzi. Lole yonse inanjenjemera mpaka m'mawondo mwanga.

"Ni concert, ba mbuya. Ndine naliza kiyibodi. Wilicheya siingena pansi pa stand, ndiye nakhala apa. Baichosapo chabe kuti isakole ma cable."

Ndinayang'ana uku, ng'oma. Uku, magitala. Kumbuyo atsikana anayi a kwaya atagwira pakamwa. M'busa panalibe, mafuta odzozera panalibe.

"Bwanji sunandiuze?"

"Ninakuuzani pa Monday. Munali kukangana na wamalasha, munayankha ati eya, eya."

Ndinakumbuka. Saka lake linali losadzaza.

Ndinamusiya Gift tayi, n'kumukonzera kolala bwinobwino. Ndinati nditsike mwaulemu ngati munthu amene anangobwera kudzayendera. Bondo lakumanja linati ayi. Linauma gwa ngati chitsulo cha njanji. Mkwiyo ndi umene unandikweza, ndipo mkwiyo unali utapita osandisiyira thiransipoti yobwerera.

"Bakwezeni pa wilicheya yanga," anatero Taonga. "Niifuna pa last song chabe."

Anyamata anayi omwe aja amene ndinabwera kudzawamenya ananditsitsa ngati thumba la chimanga, Gift akunditchinga chitenje kuti chisaulule za m'banja. Anandikhazika pa wilicheya, n'kundikankha mpaka pansi pa mtengo, chakugeti, kutali ndi amene anaona zonse.

Kunena zoona, mtima unali mbee. Manyazi analipo, koma mwana anali bwino, palibe amene ankafuna kumugwira. Nyimbo zinayamba.

Ndiye kunafika minibasi ya ochedwa, gulu la amayi ochokera ku Chanyanya. Mmodzi, wa duku loyera ndi Baibulo lalikulu, atangondiona anaima. Nkhope yake inagwa ndi chisoni.

"Oh, mayo, pepani. Matenda yayamba liti?"

"Pompano."

"Satana ni wabodza!"

Osapempha, osafunsa dzina, dzanja lake linali kale pamutu panga. Anzake anandizungulira. Wina wandigwira phewa, wina bondo, lolakwika kumene. Duku langa linatsetsereka mpaka m'maso.

"Amayi, sindikudwala ine, mpandowu ndangobwereka."

"Ndiye faith yamene iyo! Kambani futi, ni yobweleka!"

Wina anandiponyera ndalama yachitsulo pa chitenje. Wina anafunsa mnzake, ine ndili pomwepo, kuti kaya akumva zimene tikukamba? Mphindi khumi chabe pa mpando uja, ndinali nditasanduka katundu. Ndinaganiza za Taonga, amene amakumana ndi zotere popita kogula talk time ya foni, ndipo sanatengepo ambulera.

Pamenepo magitala anatsika, ng'oma inakhala chete, kunatsala kiyibodi yokha. Kenako mawu. Taonga akuimba! Ine ndinkadziwa kuti pakamwa paja pamatuluka zobaya zokha. Mawu ake anakwera pang'onopang'ono, ground yonse ili zii, ngakhale wachimanga analeka kukupiza moto. Atafika pamwamba, ng'oma zinalowa zonse pamodzi.

Ndinaiwala bondo. Ndinaiwala amayi aja. Ndinadzambatuka, nthungululu ili pakamwa, ambulera m'mwamba, chiuno chikuchita zimene chinasiya amuna anga ali moyo.

"Ndi mdzukulu wanga uyo! Wanga!"

Mayi wa duku loyera anakuwa ngati waponda moto.

"Baimilila! Baimilila! Miracle!"

"Ayi, amayi, imvani..."

Ndani akumve? Anandikumbatira, wina akulira, wina akujambula ndi foni. Amuna awiri amene sindikuwadziwa anagwira wilicheya, n'kuikweza m'mwamba, n'kuyamba kuthamanga nayo kuzungulira ground. Anthu akuwatsatira!

Wilicheya imeneyo Esnart anaidikira zaka ziwiri. Ndiyo miyendo ya mwana, ndiyo sukulu yake, ndiyo ulendo wake wobwerera kunyumba. Ndinayamba kuithamangitsa.

"Bwezani! Bwezani mpando!"

"Onani, bathamanga futi! Hallelujah!"

Ndikawonjezera liwiro, iwo akuwonjezera kutamanda. Tinazungulira ground kamodzi ndi theka, ine, wilicheya ndi mpingo wonse wa ku Chanyanya.

Nyimbo inadukira pakati. M'masipika munamveka mawu odekha aja.

"Ba uncle imwe bamene mwanyamula wilicheya. Ni yanga. Ikeni pansi bwino bwino, ma brake ni yatsopano. Abo ni ba mbuya banga, sibanali kudwala. Bali chabe na nkhani zambili."

Ground inaphulika kachiwiri. Amuna aja anaitsitsa ngati dzira, n'kuikankha okha mpaka pa lole. Ndinaiyendera yonse, mawilo, mabuleki, khushoni. Inali bwinobwino. Ndinakhala pansi pa udzu, mpweya uli kutali, n'kumvera nyimbo zonse zotsala mpaka yomaliza, imene Taonga anaimba ali pa wilicheya yake kutsogolo kwa siteji, anthu akuitana dzina lake.

Tikubwerera dzuwa likupendeka, iye akudziyendetsa patsogolo, ine ndikutsimphina pambuyo, ndinati ndiyambe ndine.

"Mwanangu, ndakuchititsa manyazi."

"Maningi," anatero. Anayenda pang'ono, n'kuima kundidikira. "Koma vija munakamba pa maiki, ati nili bwino mwamene nilili. Mukambeko futi ku nyumba, kulibe ma speaker."

Ndinati ndidzanena tsiku lililonse. Kenako china chake chinandilowa m'maso, fumbi la Kafue limavuta.

Tisanafike pa geti foni inalira. Esnart.

"Amama! Nili kuona chani apa pa WhatsApp? Ninakupasani mwana kuti mumusunge, manje ndimwe mwapola?"

Taonga analanda foni. "Mummy, musakalipe. Ine zaka seventini bantu banipempelela, kulibe. Ba mbuya ten minutes chabe pa wilicheya yanga, bathamanga na ground yonse!"

M'mawa mwake ndinapeza poto wanga wamkulu pakhomo, wotsukidwa mpaka kuwala, wobweretsayo osagogoda n'komwe. Kumsika mpaka lero amandiitana ba Miracle, ndipo sabata yatha mayi wina anandipempha kuti ndimugwireko bondo.

Posita ikakukanika funsa mwana wa sukulu, chifukwa manyazi a kufunsa amatha msanga kuposa a kuchira matenda amene unalibe.