Kumasulira Palibiretu

Lolemba

Nyumba ya a Esitere, mayi wamasiye wotchola tiyi kumunda wakumtunda, inapsa dzana. Lero afika ku ofesi, agwada pakhomo: "Bwana, palibiretu chimene chatsala." Ine kalaliki ndimasulira kuti "nothing."

Bwana wathu ndi watsopano, Chinyanja akuphunzira ndi kabuku kakuda ka m'thumba. Apukusa mutu. Akuti chifikireni kuno aliyense amawauza kuti palibe. Wophika: mazira palibe. Akaumirira, mazira apezeka. Ndiye akufuna ndiwafotokozere m'Chingerezi kusiyana kwa palibe ndi palibiretu. Akamvetsa, mayiwo athandizidwa. Andipatsa mpaka Loweruka.

Ndaseka chamumtima. Ine wophunzira ku mishoni zaka zinayi! Mawa lomweli ndithana nazo.

Lachiwiri

Nzeru yanga: kuonetsa ndi maso. Nditenga chitini chakale cha tiyi, nditsegula pamaso pa bwana. "Palibe." Ndichizondotsa, ndichimenya kumbuyo mwamphamvu. "Palibiretu."

Pa tebulo pagwa mphemvu ziwiri ndi tiyi wokwana kapu yathunthu.

Bwana ayang'ana tiyi, ayang'ana ine. Akuti ndi zomwe amanena zija. Mphemvu imodzi yalowa m'kabuku.

Ndikuthokoza kuti sanaitane anthu kudzaonerera.

Lachitatu

Ndifunsa anthu pa sikelo, poyeza masamba. Mwina pali liwu lina losavuta kulitembenuza.

Akapitawo: psiti, monga ufa ukatha.
Mlonda: pululu, monga nkhokwe ya mlesi.
Wophika: zii, monga mudzi wothawidwa.
Bambo wina wochokera kwa Apwitikizi anena la Chilomwe. Anzake awiri akana, akuti kwawo kuseri kwa phiri satero. Mkangano. Sikelo yaima, mzere wa madengu wafika kumsewu, akapitawo akundiyang'ana ngati ndine ndatentha nyumba.

Dzulo ndinali ndi liwu limodzi londivuta. Lero ndili nawo asanu.

Lachinayi

Ndifunsa akazi anga, amake Yona, akusenda chinangwa. Osadzutsa ndi mutu womwe: "Mukafunsa mchere ine n'kunena kuti palibe, ndiye kuti ulipo wa alendo. Ndikati palibiretu, wa alendowo munadya kale inuyo."

Zomveka bwino. Koma bwana ndikawauze za mchere wa m'nyumba mwanga?

Kenaka andifunsa kuti a Esitere ndi ana awo awiri akugona kuti. Sindikudziwa. Masiku anayi ndikuthamangitsa liwu, mwini wake sindinakamuone. Amake Yona angotenga mphika wathu wachiwiri, ausenza, ulendo.

Lachisanu

Ndikwera kumtunda nditaweruka. Pamalo pa nyumba pali phulusa ndi khasu lopanda mpini. Koma pansi pa mtengo wa mango ndikupeza izi:

mphika wathu,
mphasa ya akapitawo,
lichero, chipande, mtsuko,
nkhuku imodzi yomangidwa mwendo,
amuna atatu aja anakangana pa sikelo, akusema mitengo ya denga, mkangano ukupitirira.

Mtima wanga wasangalala, mutu wanga walira. Bwana anena kuti mawa abwera kudzaona okha palibiretuyo, ndipo anthu amudyadya, watsala pang'ono kutha! Ndinaganiza zowapempha kuti abise katundu m'tchire mpaka mawa. Ndachita manyazi ndi ganizolo. A Esitere andiyalira mphasa, andipatsa madzi, andipepesa kuti ndavutika ndi chitunda.

Loweruka

Bwana afika ndi kabuku. Maso awo pa mphika, pa nkhuku, kenaka pa ine.

A Esitere ayamba okha, akuloza chimodzichimodzi. "Uwu ndi wa amake Yona. Iyi ndi ya akapitawo. Nkhukuyi ya amlonda. Nsalu ndavalayi ndi ya mlamu wanga." Awerama, atapa phulusa kudzaza dzanja. "Changa ndi ichi."

Sindinamasulire. Sipanafunike. Bwana avula chipewa. Alamula mabulangete awiri, thumba la chimanga, ndi kuti udzu wofolera udulidwe m'dambo la esiteti. Ati mayiwo apume masiku atatu, dzina lawo lisachotsedwe pa ntchito.

Pobwerera ndisuzumira m'kabuku. Alemba kuti: palibiretu, "fire."

Lamulungu

Kutchalitchi a Esitere akhala kutsogolo ndi ana, aliyense m'nsalu ya mwini wake. Denga akuti lifoleredwa mkuja. Ndayimba mokweza kuposa masiku onse.

Potuluka ndikumana ndi wophika. Akuti dzulo madzulo nyama ya bwana inagwira moto pa chitofu, utsi tolo, bwana n'kulowa m'khitchini akuthamanga ndi ndowa ya madzi: "Palibiretu! Palibiretu!"

Ndati mawa ndikawakonza. Wophika wandigwira dzanja. "Mukawakonza chiyani, akalaliki? Nyamayo inapseratu. Anagona ndi njala. Analakwa pati?"

Ndaganiza njira yonse mpaka kunyumba. Sindikawakonza. Ntchito ndinapatsidwa Lolemba yandikanika, ndavomera, ndipo palibe amene akundifunsa. Ana awiri agona ofunda. Liwulo likhale m'kabuku momwe liliri, adzavutike nalo kalaliki wobwera pambuyo panga.