Firiji ya Parafini ya Bana Nsofwa

Kwathu kuno ku Chinsali, ukamva fungo la parafini likubwera ndi mphepo, unkayala mphasa, chifukwa Bana Nsofwa anali m'njira. Fungolo linkafika m'mawa, eni ake n'kufika masana. Mayi ameneyu vuto lililonse mankhwala ake anali amodzi. Nsikidzi, parafini. Linthumbu likalowa m'nyumba, parafini. Loko wadzimbiri, parafini. Mtsikana wina atawadandaulira kuti mwamuna wake safuna kugwira khasu, iwo anamuuza ndi nkhope yosaseka kuti, "Umudonthezereko m'maondo, mwina ndi dzimbiri."

Koma parafini wambiri ankathera m'firiji yawo, chimphona choyera chija chomwe chinkayaka moto pansi n'kumazizira pamwamba. Ife mpaka lero sitimvetsa kuti moto umabala bwanji chisanu. Mkatimo munkakhala timabotolo ta jekeseni wa amuna awo, Bashi Nsofwa, omwe ankadwala shuga. Kuchipatala anawauza kuti mankhwalawo akatenthedwa amatha mphamvu, ndipo chipatalacho chinali kutali, lole yopita kumeneko yosadalirika. Bana Nsofwa anagulitsa mawere ndi mbuzi zomwe, n'kugula firijiyo kwa mwini golosale wina amene ankasamuka. Tsiku loiyatsa analumbira pamaso pathu kuti lawi limenelo silidzazima iwo ali moyo.

M'mawa uliwonse ankagwada pansi pa firijiyo, lezala m'manja, kusadza chingwe mpaka lawi lichoke ku chikasu likhale labuluu. Bashi Nsofwa ankaonerera ali pa mpando, nsanje ili tho.

"Chikwatiranireni, ine simunandigwadirepo chonchi," ankadandaula motero. "M'nyumba muno mwamuna wamkulu ndi ameneyo. Ine ndine wachiwiri."

"Mnzanuyo amazizira," ankayankha mayiwo osacheuka. "Inu mumangotentha mutu."

Nthawi ina firijiyo inanyanyala: lawi likuyaka bwinobwino, koma mkati muli fuu. Bana Nsofwa anakwirira mankhwala mumtsuko wa mchenga wonyowa, n'kukasokolotsa amuna a m'mudzi pamowa kuti adzaiimike firijiyo chadodolido, miyendo m'mwamba. Amati ikatero madzi ake am'kati amasakanikirananso. Thanki ya parafini anaitulutsa lawi likuyakabe, kuti lumbiro lisaphwanyike, n'kuikhalira pambali ngati mlonda.

"Mwaona?" anatero Bashi Nsofwa kwa amunawo. "Muno ukalakwa chilango chake ndi chimenechi. N'chifukwa chake ine sindiyankhayankha."

Mawa lake firijiyo inayambanso kuzizira, ndipo aliyense amene anainyamula ankati ndi dzanja lake.

Ndiye kunadza chaka chija parafini anasowa m'masitolo monse. Apa m'pamene tinawadziwa bwino mayiwa. Anatenga chigubu n'kuyamba khomo ndi khomo, kukhuthula koloboyi aliyense. Kwanga anapendeketsa ndi pulayimasi yophikira yomwe. Ndinawanyoza chamumtima, koma atabweranso ndinawapatsanso, poti maso awo sankamva zoti palibe. Atamaliza mudzi analowera kutchalitchi, kumene katekisiti wathu, Ba Kapambwe, anawapeza akutsanula nyali za kuguwa.

"Mukwai, amayi inu! Nyali za Mulungu zimenezo!"

"Mulungu amaona ndi mumdima momwe, Ba Kapambwe. Mukufuna kuwerenga uthenga poyera, kapena mukufuna kuimba maliro?"

Ba Kapambwe anakanda m'mutu, kenako anawagwirira faneli. Chaka chimenecho mudzi wonse unkagona ndi nkhuku, koma lawi lija silinaphethire n'komwe.

Tonse tinkadziwa kuti wotsogola adzakhala bambo wodwalayo. Koma imfa siona ndandanda. Bana Nsofwa anagwa ali kumunda akukolola mawere, ndipo sabata isanathe tinali titawaika. Pa maliro awo, amene anabwera ndi ufa anabweranso ndi kabotolo ka parafini, popanda wowauza.

Titabwerako kumanda tinapeza m'nyumba muli utsi. Lawi linali lachikasu, likulavula mwaye, latsala pang'ono kufa. Tinangoima kakasi, chifukwa mayi aja sankalola munthu kukhudza chingwe chawo. Mantha anandigwira: tikwirire mkazi lero, mwamuna mawa?

Bashi Nsofwa anatikankha. Anagwada movutikira, maondo akulira, n'kutenga lezala lija pomwe linkakhala. Anasadza koyamba, utsi unawonjezeka. Ba Kapambwe anati awathandize, iwo anakana ndi mutu. Anasadzanso pang'onopang'ono, monga ankaonera zaka zonse zija ali pa mpando, ndipo lawi linakhazikika, labuluu.

Masiku ano mphepo imabwera yopanda fungo. Nsikidzi zikativuta tilibe wotilangiza, ndipo koloboyi wanga amakhala wodzaza mwezi wonse, zomwe sizindisangalatsa ngakhale pang'ono. Ndawasowa mayi aja. Aliyense wopita kuboma amabwerabe ndi botolo n'kulisiya pakhomo paja. Dzana ndinakasiya langa m'mawa, n'kupeza nkhalambayo itagwada pansi pa firiji, ikuisisita m'mbali.

"Usandichititse manyazi, mwamuna mnzanga," ankaiuza choncho. "Mkazi wathu anatisiya awiri."