Majombo a Malemu

Sendezani mipando kuno, ana inu, mawu anga safika patali masiku ano. Nkhani iyi museka, koma ine inandidyera ukwati.

Malemu amuna anga, a Zulu, anali ansanje. Akamapita ku Chongwe kukagulitsa chimanga ankasesa pakhomo ndi nthambi, pobwera n'kuwerama kufufuza mapazi. Akapeza phazi lachilendo, ngakhale la mlaliki, mbama. Ndikakalira kwa alangizi, iwo ankati, "Pirira mwanawe, mwamuna wopanda nsanje sakukonda." Ndinameza mawuwo. Dzino ili linachoka ine ndikuthokoza.

A Zulu atamwalira, patapita zaka, kunabwera a Tembo, nawonso ofedwa, olima matimati konkuno ku Kanakantapa. Munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Ndikachedwa kutchalitchi, iwo amvekere, "Mwayenda bwino?" Basi! Osafunsa n'komwe kuti ndinali ndi yani. Mtima unayamba kundiwawa (inde, ndi imvi zangazi). Ndinati bambowa angofuna wowachapira.

Ndiye ndinaganiza zowayesa. Tsiku loti abwere tidzakambe za ankhoswe, ndinasesa pakhomo, ndinavala majombo a malemu, n'kuponda kuchokera kumsewu mpaka m'nyumba, kulowa ndi kutuluka. (Majombowo kulemera ngati mitondo, ndinagwa kawiri, nkhuku zokha ndizo mboni.) Ndinawabisa, n'kukhala pamphasa nditatchera tsaya.

Anafika. Anaima, anayang'ana pansi nthawi yaitali. Kenaka anatsitsa dengu la matimati panjinga, n'kuliika pafupi nane.

"Amake Tisa," anatero, "naona kuli anzanga anafika kale. Sinifuna kukusokonezani."

"Simufunsa kuti ni ndani?"

"Ngati akusungani bwino, dzina nichite nalo chani?"

Anakwera njinga. Ine mumtima ndikuti eya, apita kukaphika ukali, mawa abwera ndi ndodo. Ndinadikira mawa lakelo. Ndinadikira mpaka matimati anaolera m'dengu. Zowatsata kukaulula ndinaganiza, koma nkhalamba yonseyi ndikayambire pati kunena kuti mwamuna wa majombo ndinali ine?

Alangizi aja anagona kale, mawu awo ndilibe kowabwezera. A Tembo anakwatira mayi wina wa ku Chalimbana, ndipo Lamulungu amamutsitsa panjinga ngati dzira. Ine ndili pano, ndekha. Tikakumana panjira amatsika, amandipatsa moni ndi manja awiri, n'kufunsa mwaulemu, "Abambo kunyumba ali bwanji?"

Ine ndimati, "Ali bwino."