Mbalame Yosasudzulidwa

Kwa Dzoole aliyense ankadziwa kuti kupatsa moni a Elifala kunali kudziputira nkhani ya alibatirosi. Mbalameyi anaiona ali khukhi pa sitima ya asodzi kum'mwera kwa Kepitauni, ndipo chibwerereni sanatamandeponso mbalame ina.

"Kodi ndi bakha?" anthu ankafunsa dala.

"Bakha ndi amalume ako. Iyi ili m'gulu la za mphuno ngati timipope. Ikatambasula mapiko, kuchokera pano mpaka pachigafa apo."

Nthawi ya riferendamu anyamata a chipani anawatsekereza pa Mponela kuti anene ngati ali a tambala wakuda kapena a nyali.

"Tambala? Wa akazi mbwee, wosadziwa n'kufungatira komwe? Yanga imaikira dzira limodzi, mwamuna ndi mkazi n'kumalandirana pachisa."

Anyamatawo anangowataya, ati mdalayu madzi amchere anamulowa m'mutu.

Zinavuta akazi awo, a Rute, atamwalira. A Elifala anali mkamwini, ndiye a Vinsenti, mlongo wa malemu, anabwera kudzawasudzula kuti abwerere kwawo ku Ntchisi akapeze banja lina.

"Alamu, mwambo ndi mwambo. Takumasulani."

"Anandimanga ndani? Alibatirosi, inzake ikafa, imabwererabe pachisa chomwecho n'kumadikira."

"Inu si mbalame."

"Si inu nomwe munkandinena kuti ndine tambala wobwereka? Ngati ndili mbalame, mtundu ndisankha ndekha. Ano ndi masiku a matipate."

Anawatulutsira katundu, a Elifala n'kumulowetsanso. A Vinsenti atapsa mtima anasasula denga. A Elifala anakoka mpando n'kukhala pakati pa zipupa, mvula ikuwakhuthukira, ati kunyanja anaona yoposa imeneyi. Sanali kuseka ayi, anali kulira mkazi wawo, ndipo amayi a m'mudzimo anaona. Anasolola udzu pa nkhokwe zawo n'kuuza a Vinsenti kuti wosasulayo ndiye afolere.

A Elifala anafera m'nyumba momwemo patapita zaka zingapo. Abale awo atabwera ndi ngolo kudzatenga mtembo, amene anaima pakhomo anali a Vinsenti.

"Ali moyo anatikanika tonse. Inu mungawathe atafa?"

Anawaika pambali pa a Rute.

Lero pamudzi pali zii. Akamwini otsalawa ndi ofatsa mogwetsa ulesi, ndipo mdala uja tamusowa zedi. M'nyumba muja simugona munthu, koma dzinja likayandikira a Vinsenti amakwera okha kukaifolera.